Masewera ophunzitsa khanda kudikira osalira

Mwana wa miyezi 6 mpaka chaka sangadekhe payekha, amaphunzira kwa amene akumulera. Akazolowera kuti chinthu chikasowa chimabweranso, kudikira pang'ono sikumuwopsanso.

Yambani ndi chitenje basi. Mukhazikeni pa mphasa pamthunzi m'mawa kusanatenthe, dzuwa la kuno ku Mangochi mukulidziwa, likafika pamutu mwana amangonyinyirika. Akhale atayamwa. Phimbani nkhope yanu, funsani "amama ali kuti?", werengani mumtima mpaka 2 kenako vundukulani mukuseka, "ndili pano!" Akazolowera fikani pa 3, kenako 4. Mukaona milomo yayamba kunjenjemera vundukulani msanga, musadikire mpaka alire.

Kenako botolo. Tengani kabotolo kamadzi kouma bwino, ikanimo nyemba pang'ono, gwedezani, imani zii, mumuyang'ane m'maso, gwedezaninso. Kamphindi kachete kameneko ndiye phunzirolo, mumuona akutukula manja kudikira kuti lilirenso. Koma apa chonde amayi anzanga samalani ndi chotsekera. Kwathu chinamasuka mwana ali nalo m'manja, nyemba mbwee pamphasa ndipo imodzi inali kale mkamwa, mwamwayi ndinaiona patsogolo pa lilime nkuichotsa, mtima unangoti phaa mpaka madzulo. Nyemba kapena chimanga chimatsamwitsa, china chimalowa m'mphuno. Ndiye pakani guluu mkati mwa chotsekeracho, mangani mwamphamvu, kulungani tepi, chigone usiku wonse chiume, ndipo tsiku lililonse muziyesa kuchipotokola nokha musanamupatse. Akamasewera nalo musachoke, ngakhale kungopita kukaona ndiwo pamoto. Zidole zina zotchipa zapamsika nazonso musazikhulupirire, timaso ndi timikanda timamatuka ndi chala chabe, penti nkumasupuka, wogulitsa amangoti nzolimba mayi. Kokani kaye musanalipire, apo ayi ndalamayo mugulire usipa wothira m'phala.

Akafika miyezi 9 kapena 10 sokani mpira wa nsanza, osati wa majumbo. Gubuduzirani kwa iye, "wako", abweze, "wanga", mugwire pang'ono musanamupatsenso. Abambo ndi agogo nawonso alowemo. Kuwomba m'manja nkuima mwadzidzidzi nakonso kumaphunzitsa kudikira chimodzimodzi. Mphindi zisanu zakwana, akatembenuza nkhope watopa. Foni ayi, a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wosakwana chaka asamaonetsedwe mavidiyo, ndipo ngati pofika miyezi 9 sakucheuka mukamuitana kapena botolo likalira, kawauzeni a zaumoyo ku sikelo.