Momwe mungaphunzirire kupenta poyambira pa bwato la pa Kariba

Kuno ku Lusaka kulibe nyanja, koma chithunzi chimodzi cha pafoni chojambulidwa ku Siavonga, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Kariba, n'chokwanira kuphunzirirapo. Sankhani chopanda zambiri: thambo, madzi ndi bwato limodzi. Mitengo youma ija yoima m'madzi, yomwe inamira nyanja ikudzaza damu litamalizidwa mu 1959, mudzaiwonjezera dzanja likazolowera.

Pezani thabwa la hardboard la masentimita 30 ndi 40, bulashi yafulati ya masentimita 2.5, ina yosongoka ya nambala 4, ndi penti wa acrylic mitundu inayi: woyera, ultramarine blue (wabuluu), yellow ochre (wachikasu ngati dothi) ndi burnt sienna (wofiirira). Wakuda musagule, mukasakaniza buluu ndi sienna mupeza mtundu woderapo wosaoneka wakufa. Thabwalo lipakeni gesso (penti woyera woyambira kupaka pathabwa) kawiri, apo ayi limamwa penti.

Choyamba ndi mzere womwe thambo likumana ndi madzi. Uyezeni ndi rula kuchokera pansi mbali zonse ziwiri, usakhale pakatikati, kenako matani tepi m'munsi mwa mzerewo. Ukapendekeka ngakhale pang'ono, nyanja imaoneka ngati ikukhuthukira mbali imodzi.

Thambo liyambeni kumwamba ndi buluu, mukutsika n'kumawonjezera woyera, ndipo pafupi ndi mzere thirani ochre pang'ono. Fulumirani. Acrylic amauma m'mphindi zochepa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ndipo akauma sasakanikiranso, amasiya mizere. Wazani timadzi pambale yosakanizira, koma musasungunule penti mpaka kukhala ngati tiyi, chifukwa sagwira. Akauma amaderako, choncho sakanizani wowalirapo kuposa womwe mukufuna.

Pamadzi ndi pomwe ambiri amagwa. Thambo likauma, sunthirani tepi pamwamba pa mzere. Bulashi iziyenda chopingasa basi, osati chokwera kapena chozungulira. Kutali madzi akhale otuwa, timafunde tating'ono tothinana. Kufupi ndi inu aderepo, mafunde akule ndi kutalikirana. Mafunde onse akafanana kukula, nyanja imaima ngati khoma.

Bwato libwere pomaliza, cha kumbali, lopentedwa ndi bulashi yaing'ono. M'munsi mwake mubisike ndi mzere wa madzi, lisaoneke ngati laikidwa patebulo. Chithunzithunzi chake chikokereni pansi penti akadali wamuwisi, kenako chiduleni ndi timizere titatu kapena tinayi topingasa ta mtundu wa madzi.

Poumitsa, yedzamitsani thabwa moyang'ana kukhoma, poti fumbi la mu Ogasiti limamatirira. Mabulashi tsukani ndi sopo nthawi yomweyo. Mukafuna diso la odziwa, pitani nacho ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, komwe amisiri ojambula amakumana.