Makoswe pa khola la akalulu

Anzanga oweta akalulu, makoswe ndi mbewa zimabwera chifukwa cha madeya amene amatayika pansi pa khola, ndiye madzulo aliwonse muzichotsa mbale za chakudya n'kusesa, usiku akalulu muziwasiyira udzu ndi madzi basi. Thumba la madeya lizikhala mu ndowa yachitsulo yovundikira, saka khoswe amaboola usiku umodzi wokha.

Ine ndinadzuka tsiku lina m'mawa n'kupeza tiana tiwiri tongobadwa kumene talumidwa m'mutu, mayi wake ali phee pakona akunjenjemera, mtima unandiwawa zedi. Khoswe analowera pa waya wa nkhuku uja, mabowo ake ndi aakulu. Gulani waya wolimba wa timabowo ta 6mm chifukwa mbewa imalowa paliponse pomwe pensulo ingalowe. Khola likwezeni pafupifupi mita imodzi ndipo miyendo yake muikulunge ndi malata osalala kuti asakwere.

Poizoni chonde ayi, kalulu kapena mphaka wanu akhoza kufa nawo. Tcherani msampha woikapo chiponde m'mbali mwa khoma komwe makoswe amadutsa, muuvundikire ndi bokosi loboola kuti nkhuku zisapanidwe.