Kapangidwe ka vinyo wofiira wosakaniza ndi momwe mungayesere kusakaniza nokha

Pa zaka zimene ndakhala ndikuperekera zakumwa m'malo ogona alendo ku Senga Bay, ndaona anthu angapo akubweza botolo la vinyo wofiira atangowerenga kuti muli mitundu iwiri kapena itatu ya mphesa. Iwo amaganiza kuti wopanga anangosonkhanitsa zotsalira. Maganizo amenewa amandidandaulitsa, chifukwa pafupifupi vinyo wofiira yense wa ku Bordeaux, m'dziko la France, amene dziko lonse limamulemekeza, ndi wosakaniza. Wopanga amasakaniza mwadala kuti chimene mtundu umodzi wa mphesa ulibe, mtundu wina ubweretse.

Choyamba ndi kudziwa khalidwe la mphesa iliyonse. Cabernet Sauvignon ili ndi makoko okhuthala, ndipo imapereka mtundu wakuda komanso chinthu chotchedwa tannin, chimene chimaumitsa m'kamwa. Amene anayamba walumapo nthochi yosapsa, kapena kumwa tiyi wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'ketulo, akudziwa kale kuuma kumeneku. Merlot ndi yofewa, ndipo imadzaza m'kamwa ndi kukoma kwa zipatso zakupsa. Cabernet Franc imawonjezera fungo, pamene Petit Verdot amathirako pang'ono chabe chifukwa ndi yamphamvu kwambiri. Ku South Africa, kumene kumachokera vinyo wochuluka amene timagula kuno, kuli mphesa yawoyawo yotchedwa Pinotage, imene katswiri wa mphesa Abraham Perold anaipeza ku Stellenbosch m'chaka cha 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut. Vinyo wolembedwa kuti Cape Blend amakhala ndi mphesa imeneyi.

Mphesazi sizipsa nthawi imodzi. Merlot imatsogola, Cabernet Sauvignon imachedwa, choncho opanga ambiri amakolola ndi kufulula mtundu uliwonse pawokha. Ichi chimamuteteza mlimi, pakuti mvula ikaononga mphesa zochedwa, zoyambirira zimakhala zili kale m'nyumba. Mphesa zikathotholedwa pa tsango, amaziphwanya ndi kuziika m'thanki pamodzi ndi makoko ndi njere zake. Madzi a mphesa zambiri zakuda si ofiira ayi. Kufiirako kumatuluka m'makoko. Yisiti akayamba kusandutsa shuga kukhala mowa, makoko amayandama pamwamba, ndipo tsiku ndi tsiku ayenera kukankhidwira pansi kapena kuthiridwa madzi ochokera pansi pa thankiyo. Kutentha kumasungidwa pakati pa madigiri 25 ndi 30, ndipo ntchitoyi imatenga sabata imodzi mpaka zitatu. Akafinya, pamabwera kusasa kwachiwiri kumene kumafewetsa kuwawasa kwa vinyo, kenako amamuthira m'migolo ya matabwa a mtengo wa oak, ya malita 225 uliwonse, momwe amakhala chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Apa m'pamene luso lenileni limaonekera. Wopanga satsanulira migolo pamodzi mongoyerekeza. Amatenga pang'ono mu mgolo uliwonse, kuyeza mosamala, kulawa, kulemba, ndi kuyesanso, mpaka atapeza muyezo umene angaugwiritse ntchito pa migolo yonse. Gawo limeneli mungathe kuliphunzira patebulo panu ku Salima, ngakhale kuti nyengo yathu ya kunyanja, yotentha ndi yamvula pa nthawi imene zipatso zikukula, si yokomera mphesa za vinyo.

Pezani mabotolo atatu a mtundu umodziumodzi, a mtengo wofanana: Cabernet Sauvignon, Merlot, ndi Pinotage kapena Shiraz. Mufunikanso matambula asanu oyera bwino osanunkha sopo, sirinji yatsopano yopanda singano yoyezera, madzi akumwa, kope ndi cholembera, komanso kapu yolavuliramo, chifukwa cholinga ndi kulawa osati kuledzera. Yambani ndi kulawa vinyo aliyense payekha, ndipo mulembe m'mawu anuanu chimene mwamva: kodi akuwawasa ngati malambe, akuumitsa nkhama, kapena kukoma kwake kukutha msanga mukangomeza?

Kenako sankhani amene akhale maziko. Mu tambula yoyamba thirani mamililita 30 a Cabernet Sauvignon, 15 a Merlot ndi 5 a wachitatuyo, zomwe ndi magawo 60, 30 ndi 10 pa 100. Mu tambula yachiwiri sinthanitsani, Merlot akhale 30 ndipo Cabernet Sauvignon akhale 15. Zunguzani pang'ono, dikirani mphindi zingapo, nunkhizani musanalawe. Mudzaona kuti yoyambayo ndi yolimba ndipo imakhalitsa pa lilime, pamene yachiwiri ndi yofatsa. Ku Bordeaux komweko kusiyana kumeneku kulipo: chigawo cha Médoc chimatsamira pa Cabernet Sauvignon, pamene Pomerol amatsamira pa Merlot.

Mukatero, muzisintha chinthu chimodzi chokha pa tambula iliyonse yotsatira, ndiponso mosapyola mamililita awiri kapena atatu. Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri kwa achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito ndi kuthira wachitatu uja mochuluka, chifukwa fungo lake limakopa. Zili ngati nsinjiro m'ndiwo za nkhwani: zikakwana zimakometsa masamba, koma zikachuluka nkhwani simuimvanso. Tsiku lina mtsikana wina amene anali atangoyamba ntchito anachepetsa Pinotage kuchoka pa mamililita 10 kufika pa 4, ndipo atanunkhiza anakhala chete kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Achimwene, tsopano ndikuwamva onse atatu." Kusakaniza kwabwino kumadziwika motero. Ndi bwinonso kupempha mnzanu asinthe malo a matambula inu osaona, chifukwa mtima umakondera chimene dzanja lako lapanga.

Kutentha kwa kuno kungathe kusokoneza ntchito yonseyi. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, koma masana a mwezi wa Okutobala chipinda chimapyola madigiri 30, ndipo vinyo wofunda amangomveka ukali wa mowa, fungo la zipatso n'kubisika. Ikani mabotolo m'firiji kwa theka la ola musanayambe, kapena mu ndowa ya madzi ozizira ngati magetsi athima. Musagule botolo limene lakhala pawindo la sitolo dzuwa likuliwomba, ndipo mukaona chitsekerero chatukumuka kapena vinyo wadontha m'mbali mwake, lisiyeni. Botolo lotsegulidwa litsekeni ndi kulisunga m'firiji, ndipo limwedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi.

Muyezo umene mwaukonda muuyese ndi chakudya musanaukhulupirire. Wosakaniza wokhala ndi Cabernet Sauvignon wambiri amagwirizana ndi nyama ya mbuzi yowotcha, chifukwa mafuta ake amafewetsa kuuma kuja, koma pa chambo amaphimba kukoma konse kwa nsombayo. Ngati patebulo pali chambo ndipo mlendo akufunabe vinyo wofiira, mpatseni wa Merlot wambiri, woziziritsidwa pang'ono.