Momwe mungawerengere nkhani zochenjeza za chakudya popanda kusocheretsedwa

Mu Okutobala 2015, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndipo likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, linalengeza kuti nyama yokonzedwa m'fakitale, monga soseji ndi nyama ya m'zitini, imayambitsa khansa ya m'matumbo. Nyuzipepala zambiri zinalemba ngati kuti kudya soseji n'chimodzimodzi ndi kusuta fodya. Zimene ofufuzawo ananena zinali zoona, koma zimene owerenga anamva zinali zina, ndipo njira zotsatirazi zingakuthandizeni kusiyanitsa ziwirizi.

Choyamba, musaweruze nkhani poona mutu wake wokha. Kawirikawiri mutu amaulemba mkonzi pofuna kukopa anthu, ndipo mawu amene amachepetsa mantha amapezeka m'ndime zomalizira.

Chachiwiri, fufuzani tanthauzo la mawu amene akatswiri agwiritsa ntchito, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. N'zoona kuti IARC inaika nyama yotereyi m'gulu loyamba mwa magulu amene imaikamo zinthu zimene yafufuza, momwenso muli fodya. Komatu magulu amenewa sanena za kukula kwa ngozi. Amangosonyeza kuti umboni woti chinthucho chimayambitsa khansa ndi wolimba motani. Ziwerengero zimene WHO inatchula nthawi yomweyo zinasonyeza kuti anthu pafupifupi 34,000 amafa chaka chilichonse ndi khansa yobwera chifukwa chodya kwambiri nyama yotereyi, pomwe khansa yobwera chifukwa cha fodya imapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Samalaninso ndi mawu akuti "chingathe kuyambitsa", amene amasanduka "chimayambitsa" nkhaniyo ikamafalikira. Izi zinachitika mu 2023 pamene aspartame, yemwe amatsekemeretsa zakumwa zopanda shuga, anaikidwa m'gulu la 2B, lomwe umboni wake ndi wochepa, ndipo komiti ina ya akatswiri a WHO ndi a bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO sinasinthe mlingo wovomerezeka wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la munthu patsiku.

Chachitatu, mukaona peresenti, dzifunseni kuti ndi peresenti ya chiyani. Lipoti la 2015 linati kudya magalamu 50 a nyamayi tsiku lililonse kumawonjezera chiopsezo ndi 18 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti anthu 18 mwa anthu 100 adzadwala. Tiyerekeze kuti mwa anthu 100, anthu 5 akanadwala khansayi pamoyo wawo. Kuwonjezeka kwa 18 peresenti kukufikitsa chiwerengerocho pa anthu pafupifupi 6. Munthu mmodzi si wonyozeka, koma ndi wosiyana kwambiri ndi zimene mutu wa nkhani unkalozera.

Chachinayi, funsani kuti analipira kafukufukuyo ndani. Mu 2016 zinaululika kuti bungwe la makampani a shuga ku America linapereka ndalama kwa akatswiri a pa yunivesite ya Harvard, omwe mu 1967 anasindikiza lipoti loloza chala mafuta pa matenda a mtima n'kuchepetsa mlandu wa shuga. Ndalama za kampani pazokha sizichititsa kafukufuku kukhala wabodza, koma ndi chifukwa chokwanira choti mufunefune ngati ofufuza ena osadalira kampaniyo anapeza zofanana.

Chachisanu, ndipo ichi ndiye chovuta kuposa zonse, dziyang'aneni nokha. Mwachibadwa munthu amafulumira kukhulupirira nkhani yonyoza chakudya chimene sachikonda kale, ndipo amafunafuna zifukwa zokanira nkhani yonena za chimene amachikonda. Timaopanso kwambiri mankhwala a dzina lachilendo kusiyana ndi ngozi imene taizolowera. Choncho musanatumizire ena nkhani yochititsa mantha, iyerekezeni ndi zimene zikudziwika bwino. WHO inawerengera mu 2015 kuti anthu 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira, mwa iwo ana 125,000 osafika zaka zisanu. Matenda ambiri mwa amenewa ndi otsekula m'mimba, ndipo amapewedwa posamba m'manja, posiyanitsa nyama yaiwisi ndi chakudya chophika, pogwiritsa ntchito madzi abwino, pophika chakudya mpaka kutentha kwake kufike madigiri 70, ndiponso posasiya chakudya chophika pamtunda kwa maola opitirira awiri.