Kadyedwe ka pa msika ku Chiang Mai

Ngati ulendo wanu ukakufikitsani ku Chiang Mai, kumpoto kwa Thailand, mukalawirire ku msika wa Warorot, pafupi ndi mtsinje wa Ping, dzuwa lisanakwere, pamene soseji yonunkhira ya sai ua ili yongophulidwa kumene pamoto. Mukagule pamene eni dera aima pamzere ndiponso pamene chakudya chikuphikidwa inu mukuona, chifukwa chimene chakhalitsa poyera m'nyengo yotentha sichichedwa kusasa.

Khao soi ndiye wosayenera kumuphonya, ngakhale tsabola wake amatulutsa thukuta. Amakhala manudozi mu msuzi wa curry ndi mkaka wa kokonati, pamwamba atawazapo ena okazinga ouma, ndipo pambali amakupatsani ndimu, anyezi ndi mpiru wowawasa kuti muthire nokha. Amene sadya nkhumba afunse asanagule, popeza sai ua ndi ya nkhumba, koma chakudya cha halal chimapezeka pafupi ndi mzikiti wa Ban Ho.

Mukatenge ma baht (ndalama za ku Thailand) ang'onoang'ono, pakuti ogulitsa ambiri salandira khadi. Zovala munganenerere mtengo, koma chakudya ayi, ndipo madzi akumwa mukagule a m'botolo.