Mmene Mungathandizire Munthu Wothyoka Fupa Asanafike Kuchipatala

Kabaza ikagwa poterera m'misewu ya ku Chibavi kapena ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu nthawi ya mvula, anthu amathamangira kukoka mwendo wa wovulalayo kuti fupa libwerere m'malo. Chifundo chimenechi chimapweteketsa, chifukwa nsonga ya fupa lothyoka ndi yakuthwa, ndipo ikasunthidwa imatha kudula mitsempha. Yambani mwaona mmene fupalo lathyokera.

Nthawi zambiri fupa limathyokera m'kati khungu lili bwinobwino. Malowo amatupa, amapweteka kwambiri, ndipo chiwalocho chimatha kupindika kapena kufupika. Pezani thabwa, nsungwi kapena katoni yolimba, muyalepo nsalu, kenaka mumange ndi chitenje kuti mfundo ya kumtunda ndi ya kumunsi kwa pothyokapo zisagwedezeke. Mangani chiwalocho mmene mwachipezera, osachiwongola. Zala zikayamba kuzizira kapena kuchita dzanzi, ndiye kuti mwathinitsa, masulani pang'ono.

Choopsa kwambiri ndi pamene fupa laboola khungu, chifukwa dothi ndi tizilombo zimafika pafupa penipeni, ndipo fupa likalowa mafinya limavuta kuchiza kwa miyezi yambiri. Musalikankhire m'kati, musathirepo phulusa kapena mankhwala azitsamba. Phimbani balalo ndi nsalu yoyera, panikizani m'mbali mwake kuti magazi asiye kutuluka, ndipo pitani msanga ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Wovulalayo musamupatse chakudya kapena chakumwa, ngakhale atapempha madzi mochonderera, popeza angafunike opaleshoni. Chimodzimodzinso fupa lomwe laphwanyika zidutswazidutswa, monga zimachitikira pa ngozi za galimoto mumsewu wa M1.

Ana ndi amene amandidetsa nkhawa. Mafupa awo ndi anthete, choncho mwana akagwa mumtengo wa mango fupa limapindika ndi kung'aluka mbali imodzi ngati nthambi yaiwisi, osadukiratu. Mwanayo amathabe kugwedeza zala, makolo n'kumati wangobinya. Ngati akukana kugwiritsa ntchito mkonowo, kamujambulitseni.

Amene akudandaula khosi kapena msana musamukhazike panjinga. Mugonekeni pathabwa lalitali, wina atagwira mutu kuti usatembenuke.

Kuchipatala akamuika chikhakha, chisanyowe ndipo musachichotse nokha ululu ukatha, chifukwa mwa munthu wamkulu mafupa ambiri amatenga masabata 6 mpaka 8 kuti alumikizane, ndipo fupa la ntchafu limatenga nthawi yoposa pamenepo.