Pampu ya mafuta ikangoti zii: yambani ndi magetsi musanagule ina

Mwapotokola kiyi, sitata ikuzungulitsa injini bwinobwino, koma galimoto osalira. Ambiri akangomva kuti mafuta sakufika ku injini amathamangira kukagula pampu yatsopano. Chonde musafulumire. Pampu ya m'thanki ndi kamota kamagetsi, ndipo kawirikawiri imakhala ili bwinobwino, kungoti moto sukuifikira. Zimene ndikufotokoza pano ndi za galimoto za petulo zokhala ndi pampu m'kati mwa thanki.

Poyamba mvetserani. Zimitsani wailesi, tsegulani chitsekerero cha thanki, ndipo mnzanu apotokole kiyi kufika pa ON inu mutatchera khutu pomwepo. Pampu yamoyo imang'ung'udza kwa masekondi 2 kapena 3 kenako n'kusiya. Galimoto zina, monga Toyota zakale, sizidzutsa pampu mpaka sitata itayamba kuzungulira, choncho mvetseraninso pamene mnzanuyo akuliza. Tsimikizani kuti mafuta alimodi, pakuti geji imanama, komanso kuti batire ili ndi mavolti 12.4 kapena kuposa.

Ngati kuli zii, pitani pa bokosi la mafyuzi, lomwe limakhala mu boneti kapena kumunsi kwa chiwongolero. Pachivundikiro pake fufuzani polembedwa FUEL PUMP, F/P kapena EFI. Fyuzi yopsa muisinthe ndi ina ya nambala yomweyo. Musamangepo waya kapena kuikapo yaikulu, mungaotche mawaya a galimoto yonse. Yatsopanoyo ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti pena pake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo, kapena pampu yalimba ndipo ikukoka moto wambiri.

Kenako relay, kaswitchi kamagetsi kotsegulira pampu moto, ndipo apa m'pofunika kudekha chifukwa ndi pamene vuto limadziulula. Njira yachidule ndi kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala. Pampu ikadzuka, mwapeza wolakwa. Ikapanda kudzuka, zulani relay ija muyang'ane manambala a timiyendo take. Pa relay zambiri, 85 ndi 86 ndi timiyendo tolandira lamulo kuchokera ku kompyuta ya galimoto, 30 imabweretsa moto wa batire, ndipo 87 imaupititsa ku pampu. Zina zimalembedwa 1, 2, 3 ndi 5, ndipo pamenepo njira ya moto ndi 3 ndi 5. Tengani kawaya kokhala ndi fyuzi, mulumikize bowo la 30 ndi la 87 pomwe mwazula relay ija kwa kanthawi kochepa. Ngati manambala sakuoneka bwino, musalote. Kulumikiza molakwika kungaphe kompyuta.

Pampu ikalira mutatero, isiyeni, ilibe mlandu, ndipo mawaya ake ali bwino. Chimene chikusowa ndi lamulo loidzutsa. Onani ngati kagetsi ka kiyi pa dashibodi kakuphethira, chizindikiro choti immobiliser, kachipangizo koletsa akuba kuliza galimoto, siikuizindikira kiyi yanu. Yesani kiyi inayo. Onaninso muvi wa rev, woonetsa liwiro la injini, pamene mukuliza. Ukapanda kugwedezeka ngakhale pang'ono, kayikirani sensa ya crankshaft, yomwe imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira, chifukwa kompyuta ikapanda kumva kuti injini ikuzungulira imadula pampu dala pofuna kupewa moto pa ngozi. Kaya pampu yalira kapena ayi, dziwaninso kuti galimoto zina za Ford zili ndi kaswitchi kena kodula pampu galimoto ikagundidwa kapena ikagwa m'dzenje mwamphamvu. Kamakhala cha kumapazi a wokwera kutsogolo kapena mu buti, ndipo mumangodina batani lake, mutaona kaye kuti mafuta sakudontha paliponse.

Pampu ikakhalabe chete, bwezerani relay ija m'malo mwake n'kupita pomwe pampuyo ili. Pa galimoto zambiri zazing'ono mumanyamula mpando wakumbuyo n'kumasula kachivundikiro. Zulani pulagi yake muyang'ane ngati timano tapsa, tachita dzimbiri kapena pulasitiki yasungunuka. Mawaya awiri onenepa ndiwo a pampu, owonda ndi a geji. Yesani onenepawo pamene mnzanu akupotokola kiyi. Ine ndimakonda babu loyesera kuposa multimeter (mita yoyezera magetsi) pa ntchito iyi, chifukwa waya wotsala ndi tiulusi tiwiri amaonetsabe mavolti 12 pa mita, koma babu limayaka mofooka n'kuulula kuti moto ulibe mphamvu. Musaiwale waya wa earth, wobwezera moto ku bodi ya galimoto: pamene wamangidwa pa bodi pakachita dzimbiri, pampu yabwino imangokhala. Pamalo amenewa pali mpweya wa petulo, ndiye tsegulani zitseko zonse, fodya atalikire, ndipo musathethetse mawaya poyesa moto.

Moto ukamafika wokwanira, earth ili bwino, koma pampu osayankha, pamenepo ndiye yafadi. Nthawi zina imadzuka mukamenya pansi pa thanki ndi chibakera wina akuliza, koma zimenezo n'zongokufikitsani kwa makaniko, si kukonza.

Posintha, chotsani kaye waya wa negative pa batire, ndipo phimbani paipi ndi nsanza poimasula chifukwa mafuta amatsala ndi mphamvu ndipo amathovoka. Ikani kasefa katsopano kunsi kwa pampu ndi labala latsopano pakamwa pa thanki, ndipo ngati m'thanki muli zinyalala kapena madzi, itsukeni, apo ayi yatsopanoyo ifanso msanga. Pampu imazizira ndi mafuta omwe yamiramo, choncho chizolowezi choyenda geji ili pansi chimaifupikitsa moyo. Mukamanga zonse, potokolani kiyi pa ON katatu kuti mafuta adzaze mapaipi, muone ngati palibe podontha, kenako lizani.